Kodi Kulanda Chuma cha Masiye Ndi Mwambo Wathu?

Pali chinthu china chimene chimachitika pa maliro ambiri kuno ku Chilobwe, ndiponso ku Zingwangwa, ku Bangwe ndi ku Ndirande, chimene tonsefe timachidziŵa bwino koma sitikonda kuchitchula dzina. Bambo akamwalira, mtembo usanatuluke n'komwe m'nyumba, ena mwa abale ake amakhala atayamba kale kuŵerenga ndi maso: mipando ilipo ingati, makina osokera ali pati, makiyi a kuchipinda ali ndi yani. Amai a mumphakati ali pabalaza kuimba nyimbo za chiyembekezo, adzukulu ali kumanda, koma kuseri kwa nyumba kuli kabwalo ka anthu atatu kapena anai olankhula monong'ona. Likafika tsiku la kusudzula, mkazi wa malemu amauzidwa mau aulemu ndithu: "Alamu, takumasulani, mungathe kupita kwanu tsopano." Kwao kumene akunenako ndi mudzi umene maiyo adachokako ali mtsikana, ndipo nyumba imene akumtulutsamoyo ndi yomwe iye adatungira madzi oumbira njerwa zake.

Tikaŵafunsa ochita zimenezi, yankho lao ndi limodzi: "Ndi mwambo wathu." Ife tikuti ai. Mwambo umene akubisalamowo sudakhalepo ndi kale lomwe. Ndipo tikayang'ana m'mene mitundu ina ya anthu idakonzera nkhani ya choloŵa, tipeza kuti ngakhale njira zao n'zosiyana, palibe imene idakonzedwa kuti munthu atenge chuma cha wakufa n'kusiya ana ake pamtetete.

Tiyambe ndi makolo athu. Kwa Amang'anja, Ayao, Alomwe ndi Acheŵa, kumene ukwati unali wa chikamwini, mwamuna ndiye ankapita kukakhala kwao kwa mkazi. Munda umene ankalima unali wa kuchikazi. Nyumba inali ya mitengo, dothi ndi udzu, ndipo m'madera ambiri mwini wake akafa ankaigwetsa, poti yasanduka siwa. Tsono abale a mwamuna akabwera kudzatenga za mbale wao, ankanyamula chiyani? Khasu, nkhwangwa, uta ndi mivi, mwina mbuzi ziŵiri. Mkazi ankatsala pamudzi pao, pa munda wake, nkhokwe yake ili chiimire, mlongo wake mwini mbumba ali pafupi. Ndipo amene ankaloŵa dzina la malemu sankaloŵa kuti alemere: ankasenza milandu ya mbumba yonse, maliro ake, maukwati ake ndi njala yake. Kwa Angoni a ku Mzimba, Atumbuka ndi Asena, kumene amapereka malowolo, chuma chinkatsata mzere wa amuna, komabe mkazi ndi ana ankatsala pamudzi pa mwamunayo, n'kumadya za m'khola lomwelo. Sitikuti zonse zinali zokoma. Chokolo chokakamiza chidaliritsa akazi ambiri, ndipo sitikuchilira kuti chibwerere. Koma m'njira ziŵiri zonsezi chuma ndi udindo zinkayenda pamodzi ngati mtondo ndi munsi. Wotenga ng'ombe ankatenganso ana.

Tauni idasintha zonsezi. Banja la ku Chilobwe lilibe munda wa makolo woti lithaŵireko. Chuma chake chonse ndi puloti imene lidagula, kaŵirikaŵiri kudzera kwa amfumu ndi kakalata kolembedwa pa pepala la m'kope, ndiponso nyumba ya njerwa zootcha imene idakwera pang'onopang'ono, chaka chino mazenera, chaka chamaŵa malata. Kumbuyo kuli tizipinda tiŵiri ta lendi timene timalipira fizi ya ana. Mwamuna ankagwira ntchito ku Makata kapena ku Limbe, mkazi ankagulitsa mandasi ndi tomato pamsika, ndipo palibe mmisiri amene angaloze kuti njerwa iyi ndi ya malipiro, iyo ndi ya mandasi. Tsono taonani ukathyali wa wolanda wa masiku ano. Pa nkhani ya katundu amakhala Mngoni: "Chuma n'cha kuchimuna." Pa nkhani ya ana amasanduka Mmang'anja: "Ana ndi a kuchikazi, akaŵalere atsibweni ao." Watola mnofu ku mwambo uwu, wataya fupa ku mwambo uwo, ndipo chimene wapangacho akuchitcha chikhalidwe cha makolo. Makolowo akadauka, akadamfunsa kuti iye ndi mwana wa yani.

Boma nalo lidachedwa kuziona zimenezi. Lamulo la mu 1967 lonena za mawilo ndi chuma cha masiye lidayesa kukondweretsa mbali zonse. Mwamuna akafa wosalemba wilo, ngati ukwati wake unali wa malowolo, theka la chuma linkapita kwa mkazi, ana ndi ena odalira malemuyo, theka linalo kwa oloŵa a mwa mwambo. Ngati unali wa chikamwini, mkazi, ana ndi odalira ankalandira magawo 2 okha mwa magawo 5, abale n'kutenga 3. Lamulo lotere lidapatsa wolanda poponda: ankabwera ngati wodzatenga gawo lake, n'kupita ndi zonse. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 adanena poyera kuti miyambo yolanda akazi chuma, cha masiye chomwe, iyenera kuthetsedwa, ndipo mu 1998 kulanda kotereku kudasanduka mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Kenaka mu 2011 Nyumba ya Malamulo idafafaniza lamulo lakale lija n'kuika latsopano. Tsopano palibe munthu amene angaloŵe chuma cha wakufa ponena kuti mwambo ukumlola. Oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndiponso anthu amene ankadaliradi malemuyo pa moyo wao. Ziŵiya ndi katundu wa m'nyumba n'za wotsalayo. Wolanda angathe kukakhala kundende zaka 10. Komabe lamulo limene lili m'mabuku ku Lilongwe silifika lokha pa siwa ku Chilobwe. Mai amene wangoika mwamuna wake dzulo, ali m'nsalu yakuda, angadzuke bwanji kukasumira apongozi ake?

N'kothandiza kuona m'mene ena adamangira mfundo yomweyi, pakuti imfa ndi umbombo sizidayambire kuno. Afalansa, m'malamulo amene Napoleon adakhazikitsa mu 1804, adati kholo lilibe ufulu womana ana ake. Ngati mwana ndi mmodzi, theka la chuma ndi lake, kholo lifune lisafune. Ngati ali aŵiri, magawo 2 mwa 3 ndi ao. Ngati ali atatu kapena kuposa, magawo 3 mwa 4. Chotsalacho ndicho munthu angapatse amene wamkonda. Anansi athu a ku Mozambique adatengera njira yofanana nayo kwa Apwitikizi. Asilamu, amene tikukhala nao mpanda umodzi, ali ndi magawo oŵerengedwa kale m'chiphunzitso chao: mkazi wamasiye amalandira gawo limodzi mwa 8 ngati pali ana, limodzi mwa 4 ngati palibe, ndipo munthu sangagaŵe mwa wilo choposa gawo limodzi mwa 3 a chuma chake. Mwana wamwamuna amalandira moŵirikiza poyerekeza ndi wamkazi. Ife sitingavomere zimenezo, koma timve chifukwa chimene iwo amapereka: mwamunayo ali ndi udindo wodyetsa akazi a pabanjapo. Ngakhale pamenepo, gawo lalikulu ladza ndi katundu wolemera. Ku Zambia adaika lamulo mu 1989 logaŵa ndi manambala: pa 100 alionse, 50 n'za ana, 20 za mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 za makolo a malemu, 10 za ena odalira.

Koma nkhani imene ikufanana kwambiri ndi yathu idachitika ku Khayelitsha, dera la anthu osauka la mumzinda wa Cape Town. Bambo wina adamwalira mu 2002 wosalemba wilo, nasiya ana aakazi aŵiri aang'ono ndi mai ao pa puloti imene ankafuna kumangapo nyumba. Potsata lamulo la mwambo loti woloŵa ndi mwamuna basi, bwalo lidapereka zonse kwa bambo wa malemuyo, ndipo nkhalambayo idafuna kugulitsa malowo kuti ibweze ndalama za maliro. Mlanduwo, wodziŵika ndi dzina la Bhe, udakwera mpaka ku bwalo lalikulu loona za malamulo a dzikolo, ndipo mu 2004 oŵeruza adathetsa lamulo lomana akazi ndi ana aakazi. Buku la Numeri, mutu 27, lidakamba kale mlandu wotere: ana aakazi asanu a Zelofehadi, amene analibe mlongo, adakadandaula kwa Mose, ndipo adapatsidwa choloŵa cha bambo wao. Mabwalo a anthu adatenga zaka zikwi kuti afike pamene Mose adafika m'chipululu.

Angerezi, amene malamulo ao adaloŵa m'dziko lino mu 1902, adayenda njira ina. Kwa iwo mwini chuma ali ndi ufulu wopatsa amene wafuna, ndipo n'chifukwa chake wilo ili ndi mphamvu yotere kuno kwathu. Ufuluwo udapweteka mabanja ena, kotero mu 1938, ndiponso mu 1975, adalola bwalo kupatsa gawo mkazi kapena mwana amene wamanidwa. Koma mphatso yeniyeni ya Angerezi pa nkhaniyi ndi chimene amachitcha trasiti, ndipo apa tiime pang'ono, chifukwa ndicho chingapulumutse nyumba zambiri za ku Chilobwe.

Trasiti si chinthu chachilendo kwa mwana wa kumudzi. Ndi kuikiza. Munthu akamapita kumigodi ya ku Johannesburg ankaikiza mbuzi zake kwa mnansi. Mbuzizo zinkagona m'khola la mnansiyo, iye ndiye ankazitsekulira ndi kuziteteza kwa afisi, koma mudzi wonse unkadziŵa kuti si zake, ndipo akadyapo imodzi unali mlandu wa pabwalo. Angerezi adatenga nzeru yonga yomweyi naimanga m'malamulo: chuma chimalembedwa m'dzina la wosunga, koma phindu lake ndi la wina, ndipo wosunga akadyako, bwalo limamlipiritsa kuchokera m'thumba mwake. Ena mwa oyamba kupindula nayo anali abale a chipani cha Francis Woyera wa ku Assisi. Atafika ku England mu 1224, lumbiro lao la umphaŵi silinkaŵalola kukhala ndi malo aoao, choncho anthu achifundo ankapereka malowo kwa akuluakulu a mzinda kuti aŵasungire, iwo n'kumangokhalapo. Kuti trasiti imakhalitsa, umboni uli pafupi. Alfred Beit, amene adalemera ndi dayamondi ndi golide wa ku South Africa, adamwalira mu 1906, nasiya chuma m'manja mwa osunga kuti chizitukula maiko amene lero ndi Zimbabwe ndi Zambia, ndipo pambuyo pake Malaŵi adaonjezedwa. Chipatala cha Beit CURE, chimene chidatsekulidwa mu 2002 pafupi ndi cha Queen Elizabeth, kumene ana opindika mapazi amaongoledwa, chidamangidwa ndi thandizo la chuma chimenecho. Za m'mene chumacho chidapezekera, ndi thukuta la yani, ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene tikuona apa n'chakuti pepala la munthu amene adafa zaka zoposa 100 zapitazo likugwirabe ntchito, pamene mau a bambo wa ku Chilobwe amene adaikidwa mwezi watha aiŵalika kale.

Nyumba imodzi sigaŵika ndi manambala. Apa ndi pamene njira zoŵerengera magawo zimatsimphina: ukafuna kupatsa aliyense gawo lake pa nyumba ya zipinda zitatu, uyenera kuigulitsa, ndipo ndalama yogaŵana anthu 9 imatha mvula isanagwe. A ku Zambia adaliona vutoli, naipatula nyumba kuti ikhale ya wotsalayo ndi ana. Lamulo lathu limasiyira wogaŵa kuti aone chilungamo, zimene zili bwino wogaŵayo akakhala wolungama. Bambo wanzeru sadikira zonsezi. Angathe kulemba m'wilo mwake kuti nyumba isagulitsidwe kufikira mwana wotsiriza atamaliza sukulu, kuti mkazi wake akhalemo moyo wake wonse, kuti lendi ya tizipinda ta kumbuyo izilipira fizi, ndi kuti osunga akhale aŵiri, wina wa kuchimuna, wina wa kuchikazi. Kodi si momwe timachitira ndi ankhoswe? Makolo adaona kuti ukwati sungasungike ndi mbali imodzi. Nanga chuma cha ana a ukwatiwo chingasungike bwanji ndi mbali imodzi? Bambo wamng'ono amene akufunadi kusamala ana a mkulu wake apeza malo ake m'pepalamo. Amene akwiye nalo ndi uja ankafuna malata.

Abale a mwamuna ali ndi dandaulo limodzi limene tiyenera kulimva. Amati: "Mwanayu tidamphunzitsa ndife. Tidagulitsa mbuzi, mlongo wake adasiya sukulu kuti iye apitirire, ndiye lero zonse zipite kwa mkazi amene adampeza atavala kale tayi?" Mau ameneŵa ali ndi choona, ndipo lamulo lachinai la Mulungu silitha munthu akakwatira. Nkhalamba imene inkalandira thumba la feteleza chaka ndi chaka kuchokera kwa mwana wake ndi wodalira weniweni, ndipo lamulo la mu 2011 limaiŵerengera. Koma ngongole ya kwa makolo amabweza ndi mwanayo ali moyo, apo ai ailembe m'wilo. Saitolera kwa zidzukulu poŵavula bulangete limene afunda. Enanso amati mkazi akakwatiwanso, mwamuna wachilendo adzadya thukuta la mbale wao. Yankho lake ndi kuikiza komwe kuja, osati kugoneka ana pakhonde. Tinenenso kuti olanda si achimuna okha. Alipo amai opeza amene amabisa makalata a nyumba kuti ana a mkazi woyamba asaone kanthu, ndipo alipo akamwini okalamba amene amapirikitsidwa pamudzi mkazi akangoikidwa, atalima pamenepo zaka 40.

Komabe mlandu waukulu tikuuika pa inu abambo amene muli moyo ndipo mukuŵerenga tsamba lino. Ambiri mwa inu simudalembe kanthu, ndipo tikakufunsani mumaseka n'kuti: "Bambo mfumu, kodi mukundiitanira imfa?" Ena mumati mkazi akadziŵa zimene zili m'wilo adzakuthirani mankhwala m'ndiwo. Ngati mumagona nyumba imodzi ndi munthu amene mukumganizira zotere, vuto lanu si wilo ai, ndipo bwerani tidzakambirane. Mfumu Hezekiya adauzidwa ndi mneneri Yesaya kuti akonze za banja lake poti imfa yayandikira, koma adakhalanso zaka 15. Ambuye Yezu ali pamtanda, m'zoŵaŵa zosaneneka, adapeza mpweya wokonzera Amai ake pokhala, naŵapereka m'manja mwa wophunzira amene ankamkonda, pamaso pa mboni. Iye analibe nyumba kapena munda, komabe sadachoke wosanena za wotsalayo. Ndipo ife a ku Chilobwe sitifunika kuuzidwa kuti imfa sipangana tsiku. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, adapita anthu amene dzulo lake ankaganiza za ntchito ndi za msika, ndipo pamodzi ndi nyumba adapitanso makalata amene akadanena kuti malo aŵa ndi a yani.

Kulemba wilo sikulira Chingerezi, ndipo sikulira loya, ngakhale kuti amene ali ndi chuma chambiri kapena nkhani zopotana achita bwino kufunsa odziŵa malamulo. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa, wa mutu wabwinobwino, alembe zofuna zake momveka, asaine pamaso pa mboni ziŵiri zili pamodzi, nazonso zisaine iye akuona. Mbonizo zikhale anthu osalandirapo kanthu. Atchule puloti ndi malire ake, ngongole zimene ali nazo ndi zimene ena ali nazo kwa iye, ndipo atchule ana onse. Tikuti onse. Lamulo silisiyanitsa mwana wa m'nyumba ndi wa kunja, ndipo mwana amene mwambisa zaka 12 adzaonekera ndithu pamanda, atagwira dzanja la mai wake. Tchimolo ndi lanu, si la mwanayo, ndipo kuli bwino mkazi wanu alimve kwa inu kusiyana ndi kudzalimva pa siwa. Amene muli pa ntchito ya penshoni, kaoneninso fomu ija mudalembapo maina a odzalandira ndalama zanu, ngati ana obadwa pambuyo alipo. Amai, nanunso lembani, pakuti benchi ya kumsika, makina osokera ndi masheya a ku banki mkhonde ndi chuma ndithu. Ndipo pepalalo lisagone pansi pa matiresi m'nyumba yomweyo: likasungidwe ku banki, kwa loya, kapena kwa munthu wokhulupirika wa dera lina, ndipo osunga aja adziŵe kumene lili.

Onyamula mipando pa maliro aja si akunja. Ena ndi a kwaya, ena amaŵerenga Mau pa Misa, ndipo Lamulungu lotsatira amafola kudzalandira Ukaristia wailesi ya malemu ikulira kunyumba kwao. Chiphunzitso cha Eklezia pa lamulo lachisanu ndi chiŵiri sichidasinthe: wakuba amene safuna kubweza chimene adaba sadalape, ngakhale atagwada m'kachipinda ka ulapi sabata iliyonse. Mphakati umene umadziŵa kusonkha ufa, nkhuni ndi ndalama ya bokosi ungathenso kuchita kanthu kena kakang'ono. Tsiku lomwe zovuta zagwa, anthu aŵiri a mumphakati, pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse ndi amfumu, alembe m'kope katundu yense wa m'nyumba, aliyense asaine, makiyi atsale ndi namfedwa. Pa tsiku la kusudzula akhalepo ndithu, asathamangire kwao nsima ikangotha, pakuti mau oopsa aja amanenedwa anthu atabalalika. Ndipo katundu akayamba kutuluka, amperekeze maiyo ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kwa bwanamkubwa, ku Legal Aid Bureau kapena ku ofesi ya Administrator General, kope lija lili m'manja, poti yekha sapita.